Akunda a ku Malambo ndi mabuku amene asunga mbiri yawo

Za chigwa cha Luangwa zalembedwa zambiri, koma zochuluka ndi za nyama. Alipo mabuku a njovu, a mikango ndi akambuku, a mbalame, a mitengo ya tsanya ndi milambe, ena a zithunzi zokhazokha za mvuu zitapanikizana m'madziwe nthawi ya chilimwe. Munthu wa m'chigwamo akaoneka m'mabuku otere, kawirikawiri amakhala atanyamula mfuti patsogolo pa alendo odzaona nyama, apo ayi wagwidwa ndi waya wotchera nswala. Chonsecho boma la Mambwe, limene eni ake amakonda kulitchula kuti Malambo, ndi dziko la Akunda, anthu okhala ndi mafumu awo asanu ndi mmodzi: mfumu yaikulu Nsefu, ndiye Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 69,000 m'bomali, ndipo chiwerengero chakwera kwambiri kuchokera apo. Mbiri ya anthu amenewa m'mabuku ilimo ndithu, kungoti ndi yomwazikana, ndipo ambiri amene anailemba anabwerera zina. Wofuna kuidziwa ayenera kuitola apa ndi apo. Akatero amaona kuti tchire limene alendo amaliyesa lachikhalire lili ndi mabwinja, manda ndi minda yakale, ndi kuti anthu akewo anapirira zinthu zokwanira kubalalitsa mtundu.

Poyambira pabwino ndi buku la E. H. Lane Poole, The Native Tribes of the Eastern Province of Northern Rhodesia, lotuluka koyamba m'ma 1930 ndi kusindikizidwanso mu 1949. Lane Poole anali mkulu wa boma la atsamunda amene anagwira ntchito m'chigawo cha Fort Jameson, Chipata wa lero, ndipo pa maulendo ake ankafunsa mafumu ndi nduna zawo kumene makolo awo anachokera. Zimene mabuku otere analemba zikugwirizana ndi zimene akuluakulu amasimba mpaka pano: Akunda anachokera kumadzulo, ku maufumu a Aluba ndi Alunda m'dziko limene tsopano ndi Congo, ndipo kwa nthawi yaitali anali amodzi ndi Abisa. Nkhani ya makolo imanena za mfumu imene inalamula kuti ana aamuna aziphedwa akangobadwa, ndi za Mambwe amene anapulumuka, nadzatsogolera abale ake kutsika mapiri a Muchinga ndi kuwoloka Luangwa. Olemba mbiri amaika kuwolokako m'zaka zoyambirira za m'ma 1800. Dzina la bomali ndi la mtsogoleri ameneyo, ndipo lisasokonezedwe ndi mtundu wa Amambwe wa ku Mbala, kumpoto kwa Zambia. Anthuwo anamwazikana m'mbali mwa Lupande, Lutembwe, Msandile ndi mitsinje ina yothira mu Luangwa, kumene dothi la m'madimba limabereka mapira ndi chimanga ngakhale chaka cha mvula yochepa. Ufumu ndi mtundu amatsata kuchikazi monga ife Achewa: mpando amalowa ndi mwana wa mlongo wa mfumu.

Bukuli muliwerenge, koma musaiwale chimene linalembedwera. Boma la atsamunda linkafuna kudziwa kuti wamkulu ndani ndi wamng'ono ndani, kuti lipeze wotolera msonkho ndi woweruza milandu m'malo mwake. N'chifukwa chake mudzapezamo mibadwo ya mafumu yotsatana bwinobwino, koma mawu a amayi, a mafuko ang'onoang'ono, a anthu amene anagwidwa ukapolo n'kusanduka abale, simudzawamva. Limadulanso mitundu ngati kuti pakati pa Mkunda, Mnsenga, Mbisa ndi Mchewa panali mpanda, pamene anthuwa ankakwatirana, kubwerekana nyimbo ndi kuthawirana pa njala. Ubwino wake ndi woti linasunga mawu a nkhalamba zimene zinaona nkhondo za m'ma 1800 ndi maso awo, ndipo mawu amenewo kwina sitingawapeze.

Pali chisokonezo china chimene buku la Allen ndi Barbara Isaacman, Slavery and Beyond, la 2004, limathandiza kuthetsa. Achikunda a ku Zambezi si Akunda ayi, ndi anthu ena. Iwo anayamba ngati asilikali aukapolo a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya ku Tete ndi Sena, ndipo mindayo itagwa anasanduka alenje a njovu, opalasa mabwato ndi amalonda, nakwera ndi mitsinje kuchokera ku Zumbo ndi Feira. Anafikadi m'chigwa cha Luangwa ndi mfuti za gogodela, nsalu ndi mikanda, kufunafuna minyanga ndi anthu. Akunda a Mambwe anachita nawo malonda, nthawi zina kuvutika nawo, koma chiyambi chawo n'chosiyana. Bukuli ndi lalitali, komabe limaonetsa bwino mmene mfuti inalowera m'chigwa ndi mmene mnyanga wa njovu unasandukira ndalama.

Mabuku a apaulendo akale ndingowatchula mothamanga. António Gamitto anawoloka Luangwa mu 1831 popita kwa mfumu Kazembe, ndipo nkhani yake inamasuliridwa m'Chingerezi ndi Ian Cunnison mu 1960. David Livingstone anawoloka mu Disembala 1866, ali ndi njala, m'dziko limene nkhondo inali itasokoneza ulimi. Carl Wiese, Mjeremani wogula minyanga, anakhala kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo lipoti lake linasindikizidwa m'Chingerezi mu 1983 litakonzedwa ndi Harry Langworthy. Onsewa anali odutsa, maso ali pa njira ndi pa katundu. Chimene amatitsimikizira n'chakuti chigwachi chinali mphambano ya malonda kale azungu asanalamulire. Za Angoni, amene anakhazikika pamtunda pafupi ndi Chipata wa lero namatsikira kuchigwa kukafunkha, werengani Politics in a Changing Society la J. A. Barnes, la 1954. Midzi yambiri ya nthawi imeneyo inkakhala m'malinga, ina inkapereka mitulo kuti ipeze mtendere, ndipo ana ogwidwa ankakulira ku Ungoni. Mphamvu ya Mpezeni inathyoka kumayambiriro kwa 1898, pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni ndi kupha mwana wake Nsingo.

Ena amaganiza kuti nkhondo zitatha moyo wa m'chigwa unapepuka. Amene amaganiza choncho awerenge nkhani ya Leroy Vail ya 1977, Ecology and History: The Example of Eastern Zambia, yotuluka mu Journal of Southern African Studies. Ndi yaifupi, koma pa zonse zimene ndikutchula pano ndi imene ndimafuna mphunzitsi aliyense wa mbiri ku chigawo chakummawa ataiwerenga. Vail akufotokoza kuti anthu akakhala m'midzi ikuluikulu, akulima mozungulira, akuotcha tchire ndi kusaka, nyama zimatalikira, ndipo kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera kwa anthu ndi kupha ng'ombe, amasowa pokhala. M'ma 1890 mliri wa ng'ombe unapululanso njati ndi nyama zina zambiri, kashembe n'kuchepa. Kenako kunabwera ulamuliro wa British South Africa Company. Msonkho wa nyumba wa masheleni atatu unakakamiza amuna kupita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Malamulo a zanyama ndi a mfuti anachepetsa ulenje. Malo abwino apamtunda anatengedwa ndi North Charterland Exploration Company, imene inkati inawapeza kudzera m'mapangano a Wiese uja ndi Mpezeni. Pamudzi pakatsala amayi, ana ndi nkhalamba, ndani akagwetse mitengo, ndani akapirikitse njati? Tchire linabwerera, nyama zinaswana, kashembe anatsata pambuyo.

Zotsatira zake zinalowa m'mabuku a zachipatala a dziko lonse. Mtundu woopsa wa kachilombo ka kaodzera unazindikiridwa mu 1910 m'magazi a munthu amene anautenga m'chigwa cha Luangwa, ndipo mu 1911 ndi 1912 madokotala Kinghorn ndi Yorke, akugwira ntchito m'chigwa momwemo, anatsimikiza kuti kashembe wa m'tchire ndiye amaufalitsa kuchokera ku nyama. Boma linatseka njira, kuletsa maulendo ndi kusamutsa midzi ina. Kashembe yemweyo ndiye chifukwa chake Akunda sanakhale oweta ng'ombe monga anansi awo apamtunda. Popanda ng'ombe palibe pulawo, palibe ngolo, palibe khola logulitsa chaka cha njala. Munda unali wa khasu, ndiwo inali nsomba ndi nyama ya m'tchire. Wanzeru akamva zimenezi sangathamangire kunena kuti anthu a kuchigwa ndi okonda nyama chabe, monga ndimamvera ena apamtunda akunyogodola.

M'zaka zomwezo kunafika ku Msoro munthu amene ife a ku Malawi tiyenera kumudziwa bwino kuposa mmene timamudziwira. Leonard Kamungu anabadwa mu 1877 ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota. Anaphunzira m'sukulu za mishoni ya UMCA mpaka ku Zanzibar, anatumikira m'mbali mwa nyanja, nadzozedwa unsembe wa Anglican mu 1909. Dayosizi ya Northern Rhodesia itakhazikitsidwa mu 1910, Bishopu John Hine anamutumiza kwa Akunda a mfumu Msoro. Anapita wopanda mzungu womuyang'anira pafupi, zimene masiku amenewo sizinkachitikachitika. Anayenda pansi m'midzi, kutsegula masukulu, kuphunzitsa aphunzitsi ndi okonzekera ubatizo, mpaka anamwalira komweko mu 1913, asanakwanitse zaka 40. Moyo wake anaulemba John Weller m'kabuku kotchedwa The Priest from the Lakeside, kosindikizidwa ku Blantyre mu 1971. Kabukuka ndi ka mpingo ndipo kamayamikira mwini nkhani, koma mukamawerenga muziyang'ananso anthu omuzungulira: mfumu imene inalola sukulu, anyamata amene anasiya uzimba kukakhala pansi pa mtengo kuphunzira zilembo, makolo amene anakayika. Kulandira sukulu kunali kusankha kwa Akunda eni, pa nthawi imene zambiri zinkawagwera popanda kufunsidwa. Lero ku Msoro kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Anglican ya kummawa kwa Zambia. Pambuyo pake kunabweranso a Dutch Reformed ku Kamoto, kumene kuli chipatala, ndi Akatolika ku Chikowa.

Tsopano tifike pa nyama, pakuti mbiri ya Akunda ya zaka 100 zapitazi singasimbidwe popanda izo. Buku lofunika apa ndi la W. L. Astle, A History of Wildlife Conservation and Management in the Mid-Luangwa Valley, Zambia, la 1999. Astle anagwira ntchito m'chigwachi zaka zambiri monga katswiri wa zomera ndi nyama, ndipo bukulo analilemba kuchokera m'mafaelo a boma. Silokoma kuwerenga ngati nthano, koma ndi lodzaza ndi zaka, malire ndi zigamulo. Malo oyamba otetezera nyama analengezedwa mu 1904, makamaka chifukwa cha akadyansonga a mtundu wopezeka m'chigwa chino chokha, koma anathetsedwa mu 1911. Kenako Captain Charles Pitman anayendera nyama za dziko lonse kumayambiriro kwa ma 1930, ndipo mu 1938 kunakhazikitsidwa nkhalango zotetezedwa za South Luangwa, North Luangwa ndi Luambe. Mu 1972 South Luangwa inasanduka paki ya dziko, yokula masikweya kilomita 9,050. Pa sitepe iliyonse malire ankajambulidwa ku ofesi, ndipo midzi imene inapezeka mkati inkasamutsidwa. Mtsinje umene kale unali pakati pa dziko la anthu, wowolokedwa pokacheza, pokasaka ndi pokathira nsembe, unasanduka malire. Astle sanalembe bukuli kuti adandaulire anthu, koma wowerenga wa ku Malambo adzapezamo mayina a malo amene agogo ake amawatchula.

Pa nkhani yomweyi dzina la Norman Carr silingalumphidwe. Anabadwira ku Chinde ku Mozambique mu 1912, anayamba monga wowombera njovu zoononga minda, ndipo anamwalira mu 1997. Mabuku ake, Return to the Wild la 1962, The White Impala la 1969, Valley of the Elephants la 1979 ndi Kakuli la 1996, ndi okoma ndipo ndi a munthu amene chigwachi anachikondadi. Analipiriranso ana ambiri a ku Mfuwe sukulu. Nkhani imene imabwerezedwa m'timabuku ta maloji ndi yoti mu 1950 Carr anakopa mfumu yaikulu Nsefu kuti ipatule gawo la dziko lake likhale la nyama, alendo azilipira kudzaziona, ndalama zizipita ku thumba la ufumu wa Akunda. Zimenezo zinachitikadi, ndipo ndicho chiyambi cha ntchito yokopa alendo m'chigwachi. Chimene chimandiwawa ndi kasimbidwe kake. Nthawi zonse wanzeru ndi mlendo, mfumu ndi yongovomera. Koma dziko linali la Nsefu ndi anthu ake. Iwo ndiwo anataya malo osaka ndi olima, iwo ndiwo anayesa chinthu chimene panalibe anachiyesapo m'dziko lonselo. Akale anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindikana kuti Carr anabwera nako. Koma mutu umene unametedwa unali wa eni mudzi, ndipo mbiri iyenera kuwatchula poyamba. Gawo limenelo, limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina la Nsefu, linadzalowetsedwa mu paki ya boma.

Astle akusimbanso za nthawi imene boma lenilenilo linkapha nyama zambiri. Kuyambira mu 1965 akatswiri ananena kuti njovu zachuluka ndipo zikutha mitengo, motero kunamangidwa nyumba yophera ndi kukonzera nyama kwa Kakumbi. Njovu zoposa 1,000 zinaphedwa m'zaka zochepa, pamodzi ndi mvuu ndi njati, nyama yake n'kumagulitsidwa. Malo a msika a pafupi ndi mlatho wa Mfuwe amatchedwa Cropping mpaka lero chifukwa cha ntchito imeneyo. Taganizani mmene zinkaonekera kwa bambo wa m'mudzi woyandikana, amene akapha mbawala imodzi ya ndiwo ankatengedwa kukayankha mlandu.

Kuti mumve za mlenje mwiniyo, buku lake ndi Large Mammals and a Brave People la Stuart Marks, la 1976. Marks anakhala pakati pa Abisa a mfumu Nabwalya, kutsidya kwa Luangwa m'dera la Munyamadzi, kuyambira mu 1966, ndipo anapitiriza kubwererako kwa zaka makumi angapo. Buku lake lomaliza pa nkhaniyi, Life as a Hunt, linatuluka mu 2016. Sanalembe za Akunda, koma Abisa a kuchigwa ndi abale awo, ndipo zambiri Mkunda adzazizindikira. Marks ankatsagana ndi alenje m'tchire, kulemba nthawi imene anyamuka, nyama imene aitsata, ndi amene alandira chiwalo chiti. Anapeza kuti ulenje sunali wa aliyense. Mnyamata ankaitanidwa, kawirikawiri kudzera m'maloto a kholo lomwalira, ndipo akuluakulu a mbumba ndiwo ankavomereza. Mfuti inali chuma cha banja, cholowa kuchokera kwa atsibweni. Panali mankhwala, zoletsa ndi nsembe kwa mizimu, ndipo nyama ikagwa inkagawidwa motsata ubale. Mlenje ankateteza minda ku njovu ndi njati, kudyetsa amasiye, ndi kudziwika nazo. Lamulo litamusandutsa chigawenga, mudzi unataya ndiwo, unatayanso mlonda wa minda ndi njira imene mwamuna wosapita ku sukulu ankapezera ulemu. Life as a Hunt ndi lolemera, lili ndi mkwiyo wa munthu amene waona anzake akukalamba ali pa umphawi pakati pa chuma, koma ndi limodzi mwa mabuku ochepa amene anthu a m'chigwa amayankhulamo okha.

Sindikufuna kubisa zimene zinachitika pambuyo pake. Kawerengedwe ka pa ndege ka 1973 kanapeza njovu pafupifupi 86,000 m'chigwa cha Luangwa, ndipo zipembere zinalipo masauzande. Pofika kumapeto kwa ma 1980 njovu zambiri zinali zitaphedwa, ndipo mu 1998 Zambia inalengeza kuti chipembere chakuda chatha m'dziko lonse. Ena a m'midzi analowa nawo m'ntchito imeneyo, monga olondolera njira, owombera ndi onyamula minyanga. Clark Gibson, m'buku la Politicians and Poachers la 1999, akufotokoza chifukwa chake. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa ma 1970, ntchito za ku migodi zinachepa, ndalama za boma zolondera nyama zinatha, pamene mtengo wa minyanga kunja unkakwera. Ogula ndi otumiza kunja anali anthu amphamvu a m'tauni, ena a m'maudindo. Wa m'mudzi ankalandira zochepa, koma ndiye ankagwidwa. Gibson akuonetsanso kuti alonda a nyama atachuluka anthu sanaleke kusaka. Anangosiya mfuti yomveka patali n'kuyamba kutchera mawaya, amene sasankha nyama.

Apa m'pamene Malambo anasanduka sukulu ya Africa yense. Msonkhano wa ku Nyamaluma wa 1983 unavomereza kuti nyama sizingatetezedwe anthu okhala nazo akuziona ngati adani. Kuchokera apo kunabadwa ADMADE, dongosolo logawana phindu la nyama ndi anthu a m'midzi, ndi ntchito yaikulu ya LIRDP imene inayamba mu 1986 ndi thandizo la dziko la Norway, Pulezidenti Kenneth Kaunda akuiyang'anira yekha. Nkhani yake yonse ili m'buku la Barry Dalal-Clayton ndi Brian Child, Lessons from Luangwa, la 2003. Gawo limene ndimalikonda ndi la kuyambira 1996, pamene zinagamulidwa kuti ndalama zambiri zochokera kwa alendo osaka m'dera la Lupande, 80 pa 100 iliyonse, zizifika ku magulu a m'midzi oposa 40. Anthu ankasonkhana pabwalo, ndalama n'kuwerengedwa poyera, iwo eni n'kugamula kuti zingati agawane, zingati zipite ku chitsime, ku sukulu kapena ku chipatala. Panali mikangano, makamaka ndi mafumu amene anaona kuti mphamvu yawo ikuchepa, ndipo panali ndalama zina zosayenda bwino. Komabe olembawo akuonetsa kuti ndalama zogamulidwa pabwalo zinkasamalika kuposa zogamulidwa m'ofesi. Dongosololi silinakhalitse mmene linalili, pakuti malamulo atsopano a zanyama anabweretsa mabungwe ena ndi kagawidwe kena. Mwana wa ku Mnkhanya kapena kwa Malama amene akufuna kudzalowa m'mabungwe amenewo awerenge bukuli, adziwe kuti makolo ake anayendetsapo kale chuma chawo.

Lero lamulo la nyama zakutchire la 2015 limaika umwini wa nyama zonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo silikakamiza boma kulipira mlimi amene njovu zamudyera munda. Choncho nyengo ya dzinja anthu amagonabe pa nsanja m'minda, kuimba zitini, kusonkha moto ndi kufukiza tsabola. Lupande akasefukira amakokolola mbewu, chaka china chilala chimaotcha zotsala. Anthu amalima thonje, mpunga, chimanga, mapira ndi mtedza. Ena amagwira ntchito m'maloji, ena ndi olondolera alendo odziwika kutali chifukwa cha luso lowerenga mapazi a nyama, luso lomwe lija la agogo awo alenje. COMACO, imene inayamba mu 2003, imagula mbewu kwa alimi amene apereka mfuti ndi mawaya awo. Kwa Nsefu, mudzi wa Kawaza unayamba kulandira alendo m'ma 1990 kuti adzaone moyo wa anthu, osati nyama zokha. Ndipo chaka ndi chaka mafumu onse asanu ndi mmodzi amakumana pa mwambo wa Malaila, kukumbukira ulendo wa makolo ndi kulimba mtima kwa alenje ndi ankhondo awo.

Zolembedwa zolunjika pa Akunda eni zilipo, koma n'zovuta kuzipeza. Bradford Strickland analemba kafukufuku wa digiri yaukachenjede mu 1995 ku University of North Carolina, wotchedwa Knowledge, Agency and Power among the Kunda of Eastern Zambia. Bambo Bernhard Udelhoven, wansembe wa Chikatolika, analemba Christianity in the Luangwa Valley atayenda m'midzi ya m'chigwa kumvetsera anthu, ndipo safulumira kuwaweruza pa za mizimu, maukwati ndi ulenje. Zolemba zotere zimakhala m'malaibulale a ku Lusaka ndi kunja, kutali ndi sukulu za ku Masumba, Jumbe ndi Msoro. Zonse zimene ndatchula ndi za m'Chingerezi, ndipo pafupifupi zonse analemba ndi alendo.

Pali nkhani imodzi imene ikutikhudza ife olankhula Chichewa ndi Chinyanja, ndipo tisaizembe. Chiyankhulo cha Akunda n'chachibale ndi Chinsenga ndi Chibisa. Koma m'sukulu za chigawo chakummawa mwana amaphunzira m'Chinyanja, chimodzi mwa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia linasankha. M'tchalitchi, pa wailesi ndi pa msika wa Mfuwe, kumene kwadzaza anthu obwera kudzafuna ntchito, Chinyanja ndicho chimamveka. Ife timadandaula kuti Chingerezi chikupondereza chiyankhulo chathu, pamene chathucho chikuphimba cha ena. Palibe anachita zimenezi mwankhanza, koma zikuchitika. Mayina a nsomba za m'madziwe, a mitundu ya mapira, a mankhwala a m'tchire, nyimbo za alenje ndi za chinamwali, malangizo a kwa mkamwini, zonsezi zili m'chiyankhulo cha agogo, ndipo Lane Poole, Astle ngakhale Marks sakanatha kuzisunga zonse.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi, abusa, ophunzira a ku koleji ndi ana a ku Malambo amene ali ku Chipata, ku Lusaka ndi ku migodi. Funani mabuku awa, muwajambulitse kumene n'kololedwa, muwafikitse ku sukulu za kwanu, ndipo mbali zonena za kwanu muzimasulire kuti akuluakulu amve zimene zinalembedwa za iwo, atsutse pamene palakwika. Kenako tengani foni ndi kope mupite kwa agogo amene anabadwira m'midzi imene tsopano ili mkati mwa paki, kwa amene anagwira ntchito yophera nyama kwa Kakumbi, kwa amayi amene anawerenga nawo ndalama pabwalo mu 1996. Afunseni mayina a midzi, a mitsinje ndi a manda, muwalembe m'chiyankhulo chimene akuyankhulacho. Ambiri mwa iwo apitirira zaka 70, choncho ntchitoyi ndi ya chaka chino.